Wophunzira Wanga Womaliza

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinaima pa bolodi
muno mu Halifax, tauni ya mvula ndi mafakitale a ubweya otsekedwa,
ndikuuza ana a eni kuti ziganizo za Chingerezi zili mitundu inayi:
china chimanena, china chimafunsa, china chimalamula,
china chimangofuula poti mtima wasefukira.
Chomalizachi sindinkachikhulupirira.
Ndinkati mfuuliro ndi mchere, sathira ndi chikhatho,
ndipo cholembera changa chofiira chinkauzula m'makope ngati namsongole.

Tsopano wophunzira ndili naye mmodzi.
Clifford, mwamuna wanga,
anayendetsa basi ya ku Hebden Bridge mpaka tsitsi mbuu,
ndipo mu Febuluwale sitiroko inamugwetsera pafupi ndi sinki.
Inatenga dzanja lamanja.
Potuluka inatolanso mawu onse, osasiya ndi moni yemwe.

Tinayamba ndi zonena, poti ndizo zosavuta.
Iyi ndi supuni. Kunja kukugwa mvula. Ine ndine Maureen.
Iye ankandiyang'ana ngati wokwera amene wataya tikiti,
akupapasa m'matumba onse,
ndipo mpumiro ndinkauika ndekha.

Mafunso ndiwo anadzaza nyumba, onsewo anga.
Wagona bwanji? Ukumva kuzizira? Mwendo ukupweteka?
Ukundidziwa?
Mfunsiro uja ndi mbedza ndithu,
ndinkaiponya m'mawa uliwonse kudutsa pa tebulo
n'kubwerera yopanda kanthu.

Zolamula zinkabwera ndi Nasreen wa kuchipatala,
Lachiwiri lililonse, ambulera ikudontha pakhomo.
Tsegulani pakamwa. Kwezani lilime. Bwerezani. Bwerezaninso.
Kale ana ndinkawauza kuti m'chiganizo cholamula
mwininkhani saoneka, amabisala, koma alimo.
Ndinkaima kukhitchini, thaulo m'manja,
kumuyang'ana Clifford akulimbana ndi lilime lake,
n'kumadziuza phunziro lomwelo:
saoneka, koma alimo.

Mtundu wachinayi sindinauphunzitse.
Tikanadabwa ndi chiyani m'nyumba ya mapilisi ndi matewera?

Ndiye tsiku lina mu Novembala, mdima utagwa ndi folo koloko,
ine nditagona maola atatu okha,
ndinatapa m'botolo lolakwika.
Mabotolo awiriwo ndi ofanana, mphatso ya ukwati ya mlamu wanga Doreen.
Masupuni awiri odzaza. Ndinatakasa bwinobwino,
ndinauzira, ndinamugwirira kapu pamlomo.

Anamwa. Nkhope inakwinyika mbali imene imakwinyikabe.
Anandiyang'ana, diso lili psu,
ndipo kuchokera kutali, kupyola miyezi isanu ndi inayi,
ndi mawu a dzimbiri ngati chitseko cha galaja, anati:

Kuipa bwanji tiyi ameneyu!

Buku limati chiganizo chodabwa chimabwereka mawu a funso,
bwanji yemweyo, koma sichidikira yankho.
Ndinaliphunzitsa tsamba limenelo kambirimbiri
osadziwa kuti lingandikhazike pansi, pa matailosi ozizira,
ndikuseka mpaka chifuwa kuwawa,
misozi ikugwera m'tiyi amene mchere anali nawo kale.
Zaka makumi anayi wamwa tiyi wanga osadandaula,
munthu wofatsa, wothokoza ndi okwera omwe amutukwana.

Ndinachilemba kuseri kwa envelopu ya bilu ya gasi.
Mwana akanandibweretsera chotere ndikanachilemba mzere kunsi,
n'kufunsa m'mphepete kuti chiganizo chonse chili kuti.
Ndinaika mfuuliro umodzi.
Ndinayang'ana, ndinawonjeza iwiri.

M'mawa mwake anakhalanso chete,
ndi mkuja womwe.
Nasreen akuti zimatero, tisathamange.
Envelopu ili pa chitseko cha fuliji, bilu sindinalipirebe,
ndipo botolo la mchere sindinalisunthe,
likadali pomwepo, pambali pa la shuga.